Za Mwini Sitolo ndi Wogulitsa Wake

Tsiku lina Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, bambo wina wa kwa Chiwalo adandiimika pa mthunzi nandiuza kuti ali ndi kanthu kamene kakumsautsa. Bamboyo ali ndi kasitolo kamene adamanga ndi ndalama za nandolo ndi mpendadzuwa, ndipo m'menemo amagulitsa shuga, mchere, sopo, machesi, mafuta ophikira ndi zina zotere. Tsono popeza kumunda kukumfuna, ndiponso nthawi zina ayenera kupita ku Limbe kukapikula katundu, sangathe kukhala pa kauntala masiku onse. Adandifunsa kuti: "Kodi makono munthu wokhulupirika ndingampeze kuti? Ndayesa kale anyamata awiri, ndipo onsewo andibera."

Ine ndidafunsa kuti anyamatawo ankalandira ndalama zingati pa mwezi. Adayamba wakhala chete, pambuyo pake nati woyambayo adali mwana wa mlongo wake, tsono za malipiro padalibe. Ankadya pakhomo pomwepo, ndipo pa Khirisimasi adamgulira nsapato. Wachiwiri adamlonjeza kuti azimpatsa kangachepe malonda akayenda bwino. Ndidafunsanso ngati adawerenga katundu pamodzi ndi anyamatawo tsiku limene adawapatsa makiyi. Adati iyayi, sitolo njake ndipo zonse zili m'mutu mwake.

Sindikunena kuti anyamatawo sadabe, kapena kuti kuba kwawo kudali kwabwino. Kuba ndi kuba, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu silidapatule munthu wosauka. Koma funso la bamboyo lili ndi mbali ziwiri, ndipo iye adaona imodzi yokha. Anthu ambiri amene ali ndi sitolo, okala kapena benchi pa msika amafunsa kuti wantchito wokhulupirika ali kuti. Ndi ochepa amene amadzifunsa ngati iwo eni ake ali mabwana okhulupirika. Chimene ndifuna kuti tiganizire pamodzi, Akristu anzanga, ndi ichi: kukhulupirika pa ntchito kumamangidwa ndi anthu awiri, ndipo woyenera kuika maziko ndi amene ali ndi mphamvu, ndiye mwini sitolo.

Kodi kulemba wogulitsa nkutani?

Ntchito ya wogulitsa isiyana ndi ganyu wa kumunda. Mukatuma munthu kupalira, madzulo mumapita kukawerenga mizere, ndipo zimene wachita zimaoneka ndi maso. Koma polemba wogulitsa mumaika m'manja mwake zinthu ziwiri zimene simungathe kuziyang'anira muli kutali. Choyamba ndi chuma chanu, mpamba wonse umene mudausonkhanitsa zaka zambiri. Chachiwiri ndi dzina lanu, pakuti iye akanyoza wogula kapena akamdyera chenje, anthu sanena kuti mnyamata uja ngwoipa, amati sitolo ya uje njakuba. Pamwamba pa ziwirizi mumamsenzetsa chinthu chachitatu chimene ambiri sachiganizira, ndicho mayesero. Mumamkhazika munthu wosauka pakati pa shuga ndi ndalama kuyambira m'mawa mpaka usiku, ali yekha, chikhalirecho kwawo ufa watha.

Tsiku ndi tsiku timapempha Mulungu kuti atitchinjirize pa mayesero. Nanga nkoyenera kuti ife tomwe tiike mnzathu pa mayesero aakulu chotere, osammangira mpanda? Mpanda umene mwini sitolo angathe kumanga uli ndi mizati itatu: malipiro oyenera, kope lomveka bwino, ndi chitsanzo cha iye mwini.

"Akungondithandiza"

Tiyambe ndi malipiro. Kuno kwathu, kumene ana amatsata kuchikazi ndipo atsibweni ndiwo mwini mbumba, nchachizolowezi kuti munthu akatsegula sitolo aitane mwana wa mlongo wake. Muli zabwino m'menemo, pakuti mwanayo aphunzira malonda ndipo chuma chithandiza mbumba. Koma mulinso zoopsa. Mwanayo akalakwa simungathe kumchotsa popanda kuyambana ndi mudzi wonse, paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndipo choopsa chachikulu ndi chakuti kawirikawiri mwanayo salipidwa. Mukafunsa, mwini sitolo amayankha kuti: "Si wantchito ameneyu, akungondithandiza."

Ife a chigawo chino tiyenera kuchenjera nawo mawu amenewa koposa anthu ena onse. Kale kuthangata kudali kuthandizana kwa abale ndi anansi pa ntchito ya kumunda kapena pomanga nyumba. Koma azungu atatenga malo aakulu ku Mulanje, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Zomba, mawu omwewo adasanduka dzina la ntchito imene munthu ankakakamizidwa kugwira kuti aloledwe kukhala pa malo a mzungu. Ambiri mwa amene adasenza goli limeneli adali Alomwe amene adayamba kufika kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, a mtundu womwewo wa anthu ambiri a ku Phalombe kuno. Thangata adali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira mu 1915, ndipo sadathetsedwe mpaka 1962. Dzina lidali lokoma, koma ntchito yake idali yowawa. Kodi sizingakhale zamanyazi kuti zidzukulu za anthu amene adalira ndi thangata zikhazikitse thangata wina m'masitolo mwawo, mwana nkugwira ntchito zaka zitatu, malipiro ake nkukhala nsima ndi mphasa yogonapo?

Zoonadi chibale ndi fupa, sichiola. Koma chibale sichichotsa chilungamo. Mlendo tili naye ngongole ya malipiro. Mbale tili naye ngongole ya malipiro ndi ya chikondi yomwe. Amene amamana mwana wa mlongo wake chimene akadapatsa mlendo wasandutsa chibale msampha.

Malipiro oyenera ndi otani?

Ena amati: "Koma tidagwirizana, iye yekha adavomera." Yankho la mawu amenewa lidaperekedwa kale. M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum, adaphunzitsa kuti kuvomerezana kokha sikukwanira kuti malipiro akhale olungama. Malipiro ayenera kukwanira kusunga moyo wa wantchito amene samwaza ndalama, ndipo munthu amene wavomera zochepa chifukwa cha njala kapena mantha sadavomere mwaufulu, wachita kupanikizidwa. Buku la Deuteronomo, mutu 24, limalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo Katekisimu amawerengera kumana wantchito malipiro ake pamodzi ndi machimo ofuulira kumwamba. Motero bwana amene amati "ndidzakupatsa mawa" mwezi ndi mwezi, uku akugula malata a nyumba yake, asadzinamize kuti ndi nkhani yaing'ono.

Malamulo a dziko nawonso sadakhale chete. Malamulo aakulu a Malawi a 1994 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira malipiro oyenera. Lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, limaika maola 48 kuti ndiwo mlingo wa ntchito pa sabata, ndipo limafuna kuti wantchito apume tsiku limodzi akagwira masiku 6. Mu 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa a antchito ambiri kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, ndiye kuti pafupifupi K3,460 pa tsiku la ntchito. Mlingo umenewu umasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiponso magulu ena a ntchito ali ndi mlingo wawo, choncho amene afuna kulemba munthu ayambe wafunsa ku ofesi ya za ntchito ku boma. Taganizani tsono za mnyamata amene amatsegula sitolo mbandakucha natseka 9 koloko usiku, Lolemba mpaka Lamulungu, osaona ngakhale pakhomo pa tchalitchi. Kodi maola ake ndi angati pa sabata, ndipo ndani adzayankha mlandu wa Misa zimene waphonya?

Nanga sitolo ikakhala yaing'ono?

Apa mwini sitolo adzanditsutsa, ndipo mawu ake ngoyenera kuwamva. Adzati: "Inu mukunena ngati ndili ndi golosale ya ku Blantyre. Phindu langa lonse pa mwezi mwina silifika pa ndalama zimene mwatchulazo. Ndikalipira chotero, ana anga adya chiyani?" Zimenezi nzoona. Malonda a kwa Chiwalo amatsata nyengo. Anthu akagulitsa mpunga ndi nandolo ndalama zimayenda, koma mu Januwale ndi Febuluwale ambiri amadza ndi kupempha ngongole. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, malonda a nsomba amaima ndipo masitolo a m'dera lonse amamva kuwawa. Namondwe Freddy atasakaza boma lino mu Malichi 2023, ambiri adasowa ngakhale ya mchere.

Eklezia saiwala zimenezi. Papa Pius XI, m'kalata ya Quadragesimo Anno ya 1931, adati poyesa malipiro tiyenera kuona zinthu zitatu: zosowa za wantchito ndi banja lake, mphamvu za malondawo, ndi ubwino wa anthu onse. Palibe amene akufuna kuti sitolo igwe chifukwa cha malipiro. Koma kuchepa kwa sitolo sikupatsa munthu ufulu wogwiritsa mnzake ntchito yaulere. Amene alibe msipu sagula ng'ombe. Chomwechonso amene sangathe kulipira wantchito wa mwezi wonse asalembe wantchito wa mwezi wonse. Njira zina zolungama zilipo.

Angathe kugulitsa yekha mosinthana ndi mkazi wake, natseka sitolo maola amene onse ali kumunda. Angathe kulemba munthu pa masiku a msika okha, kapena pa masiku amene iye wapita kukapikula katundu, namlipira mokwanira madzulo a tsiku lomwelo. Angathenso kupangana ndi wogulitsa kuti pamwamba pa malipiro ake azilandira gawo lodziwika la phindu, malinga kope likhale lotseguka kwa onse awiri. Ndipo akakhala mwana wa pachibale, angagwirizane kuti gawo lina la malipiro ake lizisungidwa m'dzina lake ku banki mkhonde, kuti tsiku lina adzayambire malonda akeake. Chofunika pa njira zonsezi ndi chakuti pangano linenedwe poyera tsiku loyamba, pamaso pa mboni ziwiri, ndipo lilembedwe. Mawu akuti "kangachepe" si pangano, pakuti wolonjeza ndi wolonjezedwa aliyense amawamva mwa njira yake.

Tiwonjezepo chimodzi. Chaka chikakoma, phindu limapita kwa mwini sitolo. Chikaipa, tsoka nalonso likhale lake, paja walira mvula walira matope. Si chilungamo kudya phindu wekha, koma potaya nkumagawana ndi wantchito pomdula malipiro.

Kope litchinjiriza onse awiri

Mzati wachiwiri ndi kope. Anthu ambiri amayesa kuti kuwerengera munthu katundu ndi ndalama nkumkayikira, tsono amachita manyazi, makamaka akakhala mbale. Amakhala chete miyezi isanu, kenaka tsiku lina aona mashelefu ali mbee, nayamba kufuula kuti wakuba. Koma kodi shoti yonse imachokera kwa wogulitsa?

Mayi wa pakhomo amatuma mwana kukatenga paketi ya shuga, ndipo palibe amene amalemba. Bambo mwini amatapa m'kabati ndalama ya kabaza kapena ya chipepeso cha maliro, naiwala. Mnansi amadza nati: "Abwana ako andiuza kuti undipatse pa ngongole," ndipo mnyamata aopa kukana munthu wamkulu. Mafuta ophikira amatayikira poyesa, makoswe amaboola thumba. Palinso chinthu china chimene chadya mpamba wa ambiri popanda dzanja la wakuba. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Munthu amene adagulitsa katundu wake pa mtengo wakale, pofika ku Limbe adapeza kuti ndalama zomwezo sizingagulenso makatoni amene adagula ulendo watha. Mashelefu adachepa, ngakhale padalibe tambala imodzi yobedwa. Kodi ndi anyamata angati amene adatchedwa mbava chifukwa cha zimenezi?

Kunamizira munthu kuba popanda umboni ndi tchimo lolakwira lamulo lachisanu ndi chitatu, ndipo pa mudzi dzina likada siliyeranso msanga. Mnyamata wochotsedwa pa sitolo ndi mbiri ya kuba sadzapezanso ntchito pa msika umenewo, ndipo mwina ngakhale mbeta idzamkana. Chifukwa chake tsiku lopereka makiyi muwerenge katundu yense pamodzi, mulembe, ndipo nonse awiri musaine. Madzulo alionse muwerenge ndalama, ndipo pa mwezi muwerengenso katundu. Chilichonse chotuluka chilembedwe, ngakhale wotenga ndi mwini sitolo kapena mkazi wake. Za ngongole mugwirizane kuti wololeza ndani ndipo malire ake ndi ati. Ngati pa sitolopo pali malonda a Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndalama zake zikhale ndi kope lake ndi thumba lake. Kuchita zimenezi kumathandiza wofooka kuti asagwe, pakuti adziwa kuti madzulo kuli kuwerenga, ndiponso kumapatsa wosalakwa mboni yomuyeretsa.

Dzanja lophunzitsidwa kuba

Mzati wachitatu ndiwo woposa yonse, ndipo ndi chitsanzo cha mwini sitolo. Alipo mabwana amene amafuna wogulitsa wokhulupirika kwa iwo okha, koma wochenjera kwa ogula. Nyengo ya nandolo ikafika amamuonetsa m'mene angapotozere sikelo kuti mlimi atayeko pang'ono pa thumba lililonse. Amamuuza kuti aphwanyeko pansi pa chitini choyesera, asakanize katundu wotha nthawi ndi watsopano, akweze mtengo akaona mlendo, mwana kapena nkhalamba yosadziwa kuwerenga. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyesa masikelo a malonda, koma silingakhale pa kauntala iliyonse tsiku lililonse. Buku la Deuteronomo lomwe lija, mutu 25, limaletsa kusunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono, ndipo Mwini lamulo limenelo saphonya msika.

Bwana wotere wachimwa kawiri, pakuti wabera wogula ndiponso wachimwitsa mwana wa mwini. Komanso wadzikumbira yekha dzenje. Mwamphunzitsa mnyamata kuti kutapako pang'ono si mlandu malinga mwini wake asaone. Kodi muganiza kuti dzanja limene laphunzira kubera mayi wamasiye pa sikelo lidzachita manyazi likafika pa kabati yanu? Phunzirolo ndi limodzi, ndipo mphunzitsi ndinu. Koma mnyamata amene waona bwana wake akuthamangira wogula kuti amubwezere chenje chimene adaiwala waphunzira za lamulo lachisanu ndi chiwiri koposa zimene akadamva pa maulaliki khumi.

Pano tinenenso mawu amodzi a atsikana ogulitsa m'masitolo. Mtsikana amene mwamlemba ntchito ali m'manja mwanu ngati mwana wanu. Bambo amene amagwiritsa ntchito malipiro kapena mantha a kuchotsedwa kuti amnyengerere wachita choipa chachikulu pamaso pa Mulungu ndi pa malamulo a dziko. Ndipo mwana wa msinkhu wa sukulu malo ake ndi m'kalasi. Musamtulutsemo chifukwa choti iye ndiye wotsika mtengo.

Posankha munthu

Mpanda ukamangidwa, pamenepo funso la bambo uja lingayankhidwe. Musafulumire, kuona maso a nkhono nkudekha. Musakopeke ndi pakamwa pokoma kapena zovala, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musamlembe chifukwa chokha chakuti amaimba kwaya kapena ngwa mpingo wathu, ndiponso musamkane chifukwa ngwa mpingo wina kapena mtundu wina. Funsani amene adakhala naye: kodi akakongola amabweza? Akatumidwa ndi ndalama, chenje amapereka yekha kapena amachita kufunsidwa? Akalakwa amavomera? Nanga nkhalamba ndi ana amalankhula nawo bwanji? Muyeseni masamu pamaso panu, mukhale naye pa kauntala sabata imodzi kapena ziwiri mukumphunzitsa, ndipo masiku a kuyesawo mumlipire.

Kwa inu ogulitsa

Inunso anyamata ndi atsikana a pa kauntala, musaganize kuti zonsezi zakumasulani. Kuchepa kwa malipiro sikukupatsani ufulu wodzilipira nokha m'kabati. Siwiti imodzi, mayunitsi a foni, sopo wopatsa bwenzi mobisa, zonsezi ndi za mwini wake, ndipo wakuba sakhululukidwa kwenikweni ngati safuna kubweza. Ngati bwana akuponderezani, lankhulani naye poyera. Akakana, itanani mboni zija, pitani kwa akuluakulu a mphakati kapena ku ofesi ya za ntchito. Zikakanika, tsazikani bwino muchoke ndi dzina loyera. Akakuuzani kupotoza sikelo, kanani, ngakhale ntchito ithe. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Wogulitsa wa lero ndiye mwini sitolo wa mawa, ndipo mpamba wake woyamba ndi mbiri yake.

Inu akatekisti, pophunzitsa lamulo lachisanu ndi chiwiri musamangotchula wakuba nkhuku ndi wothyola nyumba. Tchulaninso malipiro ochedwa, sikelo yopotoka ndi mwana wogwira ntchito yaulere kwa atsibweni ake, kuti Akristu a malonda azidzifunsa zimenezi pokonzekera kulapa.

Bambo uja ndidamuuza kuti asanafune mnyamata wachitatu ayambe wapita kwa mlongo wake. Akhale pansi ndi mwana uja pamaso pa akuluakulu a banja, awerengere miyezi imene adagwira ntchito ndi malipiro amene akadayenera kulandira, awerengerenso zimene mwanayo avomera kuti adatenga, ndipo amene apezeke ndi ngongole kwa mnzake abweze. Adandiyang'ana nthawi yaitali, nati: "Zikatero mwina wobweza ndikhala ine." Ndidamuyankha kuti mwina ndi choncho, ndipo kuti akachita zimenezo, mbiri yake idzamveka pa msika wonse, ndipo anthu okhulupirika adzayamba kudza okha kudzafunsa ntchito pa sitolo yake.